Kulima tomato kuseri kwa nyumba, kuyambira pa nazale mpaka kuthyola

Tomato wa kuseri kwa nyumba nthawi zambiri amaonongeka ndi kathiridwe ka madzi, ndipo ndikunena zimenezi poyamba penipeni chifukwa anthu akangoona masamba ayamba chikasu kapena zipatso zawola kumunsi amathamangira kukagula mankhwala pomwe vuto lili pa keni yawo yomweyo. Kuthira lero, kenako kuiwala mpaka dothi kuumiratu, ndiye tsiku lina ndowa zitatu pakamodzi, kapena kumathira pamwamba pa masamba ngati mukumusambitsa mwana, zimenezo ndi zomwe zimabweretsa mavuto ambiri amene tikambirane m'munsimu. Nde mukamawerenga zonsezi nkhani ya madzi isakuchokeni m'mutu.

Malo kaye. Tomato amafuna dzuwa la maola 6 mpaka 8 pa tsiku, dzuwa lenileni lomuomba, osati kuwala kodutsira m'masamba a mtengo. Musanagwire khasu tengani tsiku limodzi muli pakhomo, muziyang'ana kuti mthunzi wa nyumba, wa mpanda ndi wa mitengo ukugwera pati m'mawa, masana ndi madzulo, chifukwa malo amene amaoneka owala 10 koloko mwina pofika 1 koloko khoma laphimba kale. Ngati n'kotheka sankhani pamene dzuwa la m'mawa limafika msanga, limaumitsa mame pa masamba ndipo tsamba louma matenda salilowa wamba. Pomwe madzi amadikha mvula ikagwa musadzalepo, kapena mukweze bedi lanu masentimita 20 kapena 30.

Mbewu imeneyi kwawo ndi ku South America, cha ku Peru ndi Ecuador m'mbali mwa mapiri a Andes, anthu a ku Mexico ndi amene anayamba kuilima mwadongosolo, ndipo anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Ndikutchula izi kuti mumvetse khalidwe lake, amakonda dzuwa ndi mpweya wouma koma kutentha kopitirira sakufuna. Amasangalala pakati pa madigiri 20 ndi 27. Masana kukamapitirira 32, kapena usiku kukamatsika pansi pa 13, maluwa amayamba kuthothoka osagwira chipatso olo mumusamale bwanji. Nde ngati ndi koyamba, yambani nyengo yopanda mvula koma yosatenthetsa, muzithirira nokha. Wa nthawi ya mvula amatheka koma ndi ntchito ina, tifikako.

China chofunsa: pamalopo chaka chatha ndi chinacho panali chani? Tomato ndi pachibale ndi mbatatesi, tsabola, biringanya ndi fodya, matenda awo ndi amodzimodzi ndipo ena amatsalira m'dothi. Ngati panali chimodzi mwa zimenezi m'zaka 3 zapitazi, sunthani, kapena dzalani m'ndowa ndi dothi lochokera pena.

Mbewu yake ili m'magulu awiri ndipo ndi bwino kudziwa yomwe mwagula chifukwa kasamalidwe kamasiyana. Pali wamfupi, wokula kufika m'chiuno kenako n'kuima, amabereka pafupifupi nthawi imodzi m'masabata ochepa basi wamaliza, Roma ali m'gulu limeneli. Ndiye pali wamtali wosaleka kukula, monga Moneymaker, amene amapitirira mamita 2 ngati mwamupatsa pokwera ndipo amabereka pang'onopang'ono kwa miyezi. Kwa pakhomo ine ndimakonda wamtali chifukwa umathyola anayi lero, asanu mkuja, osati dengu lonse tsiku limodzi n'kusowa kochita nalo. Papaketi pakalembedwa F1 dziwani kuti ndi haibridi, amabereka bwino ndipo ambiri amapirira matenda ena, koma njere zake mukasunga ana ake sadzafanana ndi mayi wawo. Onaninso deti papaketipo.

Ndipo chonde dzalani ochepa. Mitengo 6 mpaka 10 yosamalidwa bwino imakwanira banja. Chaka china ndinafesa paketi yonse, mbande zinamera zokongola moti kutaya kunandivuta, ndinaokera zoposa 30 pa kamalo koyenera 10. Anakula mpaka kukhala chitsamba chimodzi, dzanja osalowa, mphepo osadutsa, ndiye kunagwa mvula ya masiku atatu ndipo patatha sabata limodzi masamba onse anali atada ngati wawawula ndi moto. Zinandipweteka kwambiri chifukwa zipatso zinalipo kale zambiri, zobiriwira, ndipo palibe chomwe chinapsa. Kuyambira pamenepo mbande zotsala ndimagawira ena.

Nazale sifuna malo aakulu. Beseni lakale loboola pansi, makapu a pulasitiki, thileyi, kapena kabedi kakang'ono pansi, zonse zimagwira ntchito bola madzi azituluka. Dothi likhale lofewa, sakanizani dothi lapamwamba, kompositi wowolerana ndi kamchenga pang'ono, musefe kuchotsa zibuma. Njere zisapite pansi kwambiri, theka la sentimita mpaka sentimita imodzi basi, mizere italikirane masentimita 10, ndipo musathire njere ngati mchere, ikani imodziimodzi motalikana chala chimodzi kapena ziwiri. Kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, thirirani mofatsa ndi keni ya timabowo ting'onoting'ono. Pakati pa masiku 5 ndi 10 zimera, ndipo tsiku lomwe mwaona timitu tobiriwira chotsani udzu uja pompo, mukachedwa mbande zimatalika n'kuonda ngati ulusi pofunafuna kuwala ndipo zotero sizidzalimbanso bwino.

Vuto lalikulu la pa nazale ndi madzi omwe aja. Mukaona mbande zikuwola pa tsinde pomwe zakhudzana ndi dothi, n'kumagwa m'magulu m'magulu, ndiye kuti mwachulutsa madzi kapena zathithikana. Thirirani m'mawa, musiye pamwamba paume pang'ono musanathirenso, ndipo zikatulutsa masamba enieni awiri patulirani, zofooka zichoke.

Mbande zimakhala pa nazale masabata 4 mpaka 6. Yokonzeka imakhala yotalika masentimita 15 kapena kuposera pang'ono, masamba enieni 4 mpaka 6, tsinde lonenepa ngati pensulo kapena kuchepera pang'ono. Sabata lomaliza muzizoloweretse moyo wa kunja, chotsani mthunzi pang'onopang'ono, chepetsani madzi. Musadikire mpaka ziyambe maluwa zili pa nazale.

Pamene mbande zikukula inu muzikonza bedi. Gaulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma, thirani manyowa owolerana pafupifupi ndowa imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, sakanizani ndi dothi masabata awiri musanaokere. Ndikati owolerana ndikutanthauza akuda, osanunkha, ofumbutuka m'manja, oti simungadziwenso kuti anali ndowe. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimatentha mizu, musayese. Dothi la makande manyowa amalimasula, la mchenga manyowa amalithandiza kusunga chinyezi, nde kulikonse yankho ndi lomwelo. Amene muli ndi koyezetsa dothi, tomato amakonda pH, muyeso wa asidi wa m'dothi, ya pakati pa 6.0 ndi 6.8. Ngati malo mulibe, ndowa kapena chigubu cha malita 20 chodula pamwamba, chobooledwa pansi, chimakwana mtengo umodzi, umodzi wokha, awiri ayi.

Kuokera chitani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani nazale maola angapo musanazule kuti mbande ituluke ndi dothi lake kumizu, ndipo muigwire pa tsamba osati kufinya tsinde. Mapando atalikirane masentimita 50 mpaka 60, mizere masentimita 80 mpaka mita imodzi. Pa tsikulo mudzaona ngati mwaononga malo, timbande tating'ono pa bedi lalikulu, koma dikirani miyezi iwiri. Chinsinsi chimodzi cha tomato chomwe mbewu zambiri zilibe ndi chakuti tsinde lake likakwiririka limatulutsa mizu, choncho thothani masamba a m'munsi ndipo muikwirire mozama mpaka patsale masamba a kumtunda okha. Mbande ikakhala kuti inatalika kwambiri, kumbani kangalande, muigoneke chammbali, mutu wokha utulukire kunja, m'masiku awiri atatu idzadzuka yokha kuloza dzuwa. Ngati mukuthira feteleza wa NPK wokulitsa, supuni imodzi pa phando ndi yokwana, musakanize ndi dothi pansi, asakhudze mizu. Tsenderani dothi ndi manja, thirirani mokwanira.

Ndodo zikani tsiku lomwelo. Mukadikira kuti akule kaye mudzabaya mizu. Ya wamtali ikhale mamita 2, ilowe pansi masentimita 30 kapena 40 kuti mphepo isaigwetse zipatso zikalemera, ndipo italikirane ndi tsinde pafupifupi chikhatho chimodzi. Masiku oyamba m'mawa uliwonse muziyang'ana, mukapeza mbande yadulidwa pa tsinde ngati ndi lumo ndiye kuti ndi mphutsi ya m'dothi yodya usiku, fukulani ndi chala mozungulira pomwepo mudzaipeza itadzipinda. Kachubu ka katoni kapena botolo la pulasitiki lodula mbali zonse, lolowetsedwa pansi pang'ono mozungulira tsinde, kamateteza.

Tsopano madzi, ndipo apa ndichedwapo. Sabata loyamba mutaokera thirirani tsiku lililonse pang'ono chifukwa mizu imakhala isanagwire. Zikatero yambani kuthira mokwanira koma motalikitsa, kawiri kapena katatu pa sabata malinga ndi dothi lanu ndi kutentha, kuti madzi azilowa pansi ndipo mizu iziwatsatira komweko. Kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku kumapangitsa mizu kukhala pamwamba, ndiye tsiku lomwe mwachokapo mtengo umafota nthawi yomweyo. Mtengo waukulu wobereka umamwa malita 10 mpaka 20 pa sabata, kukatentha kapena pa mchenga ndi kumtunda kwa nambalayo. Koma nambala isakumangeni, chala chanu ndi chimene chimanena zoona, chilowetseni m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, mukamva chinyezi dikirani, mukamva kouma thirani. A m'ndowa ndi osiyana, amenewo ndi tsiku lililonse ndipo kukatentha kwambiri mwina kawiri.

Madziwo azipita pansi pa tsinde, osati pa masamba. Chotsani mutu wa keni uja, tsitsani mlomo wake pafupi ndi dothi, thirani pang'onopang'ono kuti dothi lisathovukire m'mwamba. Nthawi yake ndi m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo toyambitsa chiwawu, matenda owaula masamba, timafuna tsamba lonyowa kwa maola angapo kuti tilowe, ndipo tina timakhala m'dothi n'kumakwera pa masamba a m'munsi ndi madontho othovuka aja. Mukathira pamwamba madzulo tsamba limagona lonyowa usiku wonse, mwawatsegulira chitseko nokha. Njira ina yabwino kwa amene mumachoka m'mawa ndi botolo la malita 2 lobooledwa timabowo tiwiri titatu pa chitsekerero, lodulidwa kumunsi, n'kulizika chazondoka pafupi ndi tsinde, mumangodzaza ndipo madzi amatsika okha kumizu. Masana a dzuwa lamphamvu masamba akalefuka pang'ono koma madzulo n'kudzuka, si ludzu limenelo, musathamangire keni, yesani chala kaye.

Kuphimbira ndi mnzake wa kuthirira. Udzu wouma, masamba ouma kapena mapesi oduladula, muyale mochindikala masentimita 5 mpaka 8 pa bedi lonse koma musiye kampata mozungulira tsinde kuti lisawole. Chinyezi chimakhalitsa, udzu sumera wambiri, ndipo dothi silithovukiranso pa masamba. Mukapita masana n'kulowetsa dzanja pansi pa zophimbirazo mudzamva kozizira ndi konyowa pomwe pambali pake dothi likuotcha phazi, mukadzamva zimenezo kamodzi simudzasiyanso.

Kumangirira ndi kwa sabata lililonse. Gwiritsani nsanza zong'amba kapena chingwe chofewa, waya ayi, mumange ngati nambala 8, mbali ina ku ndodo mbali ina ku tsinde, momasuka moti chala chizilowa chifukwa tsinde likunenepabe. Mangani pansi pa tsamba, osati pansi penipeni pa phava la maluwa.

Kenako mphukira za m'khwapa. Yang'anani pomwe tsamba lalumikizana ndi tsinde, pakhwapa pamenepo pamatuluka kamphukira, ndipo mukakasiya kamasanduka nthambi yonse yokhala ndi makhwapa akenso, mpaka mtengo umodzi kukhala nkhalango. Kwa tomato wamtali zichotseni zikadali zazifupi ngati chala, mumangokagwira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kukapinda chammbali, kamathyoka kokha kuti thwa. Zala zimatsala zobiriwira ndi kafungo kake kaja ka tomato komwe sikachoka msanga olo musambe. Siyani tsinde limodzi, kapena awiri ngati malo alipo, ndipo lachiwirilo likhale mphukira ya pansi pa phava loyamba la maluwa chifukwa ndi imene imakhala yamphamvu. Chitani zimenezi m'mawa kukakhala kouma kuti bala liume tsiku lomwelo, ndipo musamagwire mitengo masamba ali onyowa. Koma wamfupi uja, monga Roma, musamuthene chonchi, zipatso zake zimachokera pa nthambi zomwezo, mungochotsa za pansi pa maluwa oyamba basi. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amamva kuti tomato amadulira ndiye amadulira aliyense.

Mphukira yomwe yakupulumukani n'kukula masentimita 15 musataye, iikeni m'kapu ya madzi pamthunzi, pakatha sabata kapena kuposera pang'ono imatulutsa mizu ndipo mwapeza mbande ina yaulere yofanana ndendende ndi mayi wake, olo akhale F1.

Mtengo ukafika m'chiuno yambani kuchotsa masamba a m'munsi, onse okhudza dothi, mpaka pakhale mpata wa masentimita 30 kuchoka pansi. Pang'onopang'ono, awiri atatu pa sabata. Koma musamuvule yense, masamba ndi amene amaphikira zipatso chakudya komanso amaziphimba, chipatso chokhala pa dzuwa chimapsa mbali imodzi n'kuchita chigamba choyera cholimba ngati pepala. Amene mumasuta fodya sambani m'manja ndi sopo musanagwire tomato, pali kachirombo ka fodya kamene kamayenda ndi manja n'kuchititsa masamba mawangamawanga.

Za chakudya sindichulutsa. Patatha masabata 3 mutaokera mutha kubereketsa ndi feteleza wa CAN, kasupuni kakang'ono pa mtengo, motalikira chikhatho kuchoka pa tsinde, kwirirani n'kuthirira, kapena onjezani kompositi pamwamba. Bwerezani zipatso zoyamba zikafika kukula ngati dzira. Chofunika kusamala ndi naitirojeni, mukachulutsa, makamaka yureya, mtengo umabiriwira mochititsa kaso, masamba akuluakulu, tsinde lonenepa, koma maluwa ochepa ndipo nsabwe zimaukonda. Nthawi yobereka chimene amafuna kwambiri ndi potaziyamu. Phulusa la nkhuni lili nayo, koma kadzanja kamodzi pa mtengo ndi kokwana, lambiri limasintha dothi.

Duwa la tomato lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi momwemo, limangofuna kugwedezeka kuti mungu ugwe. Mphepo ndi njuchi zina zimachita ntchitoyi, koma ngati malo anu ndi otsekeka ndi makoma, podutsa chakum'mawa dzuwa litakwera gogodani ndodo iliyonse kawiri katatu. Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa ndi masabata 6 mpaka 8, ndipo kuchokera tsiku lookera kufika pothyola koyamba ndi masiku 60 mpaka 85 kutengera mtundu.

Mavuto tsopano, ndipo ndiyamba ndi awiri amene si matenda n'komwe. Chipatso chikada kumunsi kwake, kumene kunali duwa, n'kulowa m'kati ngati chikopa chouma, ndiye kuti kashiamu sanafike kumeneko pamene chimakula. Nthawi zambiri m'dothi kashiamu alimo, koma amayenda ndi madzi, nde dothi likamauma n'kunyowa, kuuma n'kunyowa, safika ku nsonga ya chipatso. Kupopera mankhwala a matenda sikuthandiza, makoko a mazira, olo ali ndi kashiamu, nawonso amatenga nthawi yaitali kuti awole moti sangapulumutse zipatso za chaka chino. Thyolani zodazo, konzani kathiridwe, phimbirani, mapava otsatira amatuluka abwino. Lachiwiri ndi kung'aluka, chimodzimodzi, mtengo unali ndi ludzu kenako wamwa madzi ambiri mwadzidzidzi, m'kati mwafufuma msanga kuposa khungu.

Chiwawu chilipo cha mitundu iwiri. China chimayambira masamba a m'munsi, madontho abulauni okhala ndi mizere yozungulira m'kati mwake, m'mbali muli chikasu, ndipo chimakwera pang'onopang'ono. Chimenechi mukamathothola masamba odwala msanga n'kukawataya kutali mumakolola ndithu. Chinacho ndi choopsa, chimabwera kukazizira ndi kunyowa, mabanga akuluakulu akuda ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, kunsi kwake kuli nkhungu yoyera m'mawa, chimagwira tsinde ndi zipatso zomwe ndipo chimatha kumaliza dimba m'sabata limodzi kapena awiri. Dzina lake ndi Phytophthora infestans, chomwecho chimene chinaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845 mpaka kugwa njala yaikulu. N'chimene chinandithera mitengo 30 ija. Mankhwala monga mancozeb ndi a kopa amateteza tsamba lomwe lisanadwale, sachiza lodwala kale, choncho amene mukulima nthawi ya mvula mumapopera matenda asanaoneke ndipo mumabwereza monga palembedwera. Kadenga ka pulasitiki yoonekera pamwamba, m'mbali motsegula, kamathandiza kwambiri chifukwa mvula sifika pa masamba. Mankhwala aliwonse werengani pa botolo mlingo wake ndi masiku odikira musanathyole, valani zodziteteza, ndipo musaonjezere mlingo poganiza kuti agwira msanga, ndi chakudya cha ana anu chimenechi.

Mtengo ukafota wonse mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa, yesani izi. Dulani kachidutswa ka tsinde cha m'munsi, kalendeweretseni m'tambula yoonekera ya madzi oyera, nsonga yokha ilowe, musagwedeze. Pakatha mphindi zochepa mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindepo, ndi mabakiteriya ofotetsa, ndipo alibe mankhwala. Zulani mtengowo ndi dothi la kumizu kwake, osauika pa kompositi, tsukani mpeni ndi khasu, ndipo pamalopo musadzalenso tomato ndi abale ake kwa zaka zingapo. Chimodzimodzi mtengo wopinimbira wa masamba ang'onoang'ono opindikira m'mwamba, achikasu m'mbali, ndi vairasi yofalitsidwa ndi tintchentche toyera tija timauluka mukagwedeza tsamba, zulani usanapatsire anzake.

Tizilombo timabisala kunsi kwa tsamba, ndiye chizolowezi chanu chikhale kutembenuza masamba angapo tsiku lililonse pothirira. Nsabwe ndi tintchentche toyera zikadali zochepa madzi a sopo wamba, kasupuni kamodzi pa lita, opopera madzulo kunsi kwa masamba amathandiza, koma yesani pa tsamba limodzi kaye. Kukatentha ndi kuuma kumabwera akangaude ofiira, ang'onoang'ono ngati fumbi, tsamba limachita timadontho tachikasu kenako ukonde. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba, gogodani, mukaona fumbi likuyenda ndi amenewo, ndipo mankhwala ambiri a tizilombo sawapha, amafuna awoawo. Mbozi zoboola zipatso tolani ndi manja. Koma mdani wamkulu masiku ano ndi Tuta absoluta, kagulugufe kakang'ono kotuwa kochokera ku South America, kanaoneka ku Spain mu 2006 ndipo kuchokera apo kafalikira ku Ulaya, Africa ndi Asia. Kagulugufe kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 200, ndipo kambozi kake kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya pakati, kusiya chigamba choonekera chokhala ndi tindowe takuda, kenako kamaboola chipatso pafupi ndi kachisoti kobiriwira kaja. Kanazolowera mankhwala ambiri komanso kamakhala kobisika, nde pa mitengo 10 njira yogwira ndi maso anu, unikani tsamba pa dzuwa mudzakaona m'katimo, kafinyeni pomwepo kapena thothani tsambalo mulitsekere m'jumbo n'kuliika pa dzuwa. Pa mitengo 10 zimenezi ndi mphindi zisanu, pa 30 simungathe.

Kuthyola simukuyenera kudikira kuti afiire psuu ali pa mtengo. Akangoyamba kusintha mtundu kumunsi, kuchoka kobiriwira kupita kofiirira, amakhala atakhwima ndipo amatha kupsa bwinobwino m'nyumba, zomwe zimamupulumutsa ku mbalame, mbozi ndi kung'aluka. Kukatentha kupitirira madigiri 30 utoto wofiira supangika bwino, amangokhala achikasu, nde kumuthyola n'kumuika pozizirira kumathandiza. Thyolani m'mawa, mupinde pa kamfundo ka pamwamba pa chipatso kuti chichoke ndi kachisoti kake, musakoke. Yalani pamthunzi osasanjikiza. Mukafuna apse msanga ikani m'pepala limodzi ndi nthochi yakupsa, mpweya umene imatulutsa umafulumizitsa. Mufiriji musaikemo wosapsa, kuzizira kwa pansi pa madigiri 12 kumaimitsa kupsa ndipo kumachotsa kukoma.

Ngati mtundu wanu si F1 sungani njere. Sankhani chipatso chakupsa bwino pa mtengo wathanzi kwambiri, osati chotsalira cha kumapeto, finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, musiye pamthunzi masiku 2 kapena 3 mpaka pamwamba pachite kankhungu, kuwira kumeneko kumachotsa utelele uja umene umaletsa njere kumera. Thirani madzi, takasani, zabwino zimamira, zoyandama tayani, tsukani kangapo, yanikani pa mbale pamthunzi kwa sabata, ikani mu envelopu mulembe dzina ndi deti. Pouma ndi pozizira zimakhala zaka 4.

Mitengo ikatha musaisiye iime pamenepo, ndi momwe Tuta ndi akangaude amadikirira mbewu yotsatira. Zulani yonse ndipo pozula yang'anani mizu. Ikakhala yoyera ndi yosalala zili bwino. Ikakhala ndi timfundo totupa ngati mikanda yosachoka mukapala ndi chikhadabo, m'dothimo muli tinyongolotsi ta m'mizu, ndipo pabedi limenelo dzalani maluwa a marigold mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu, kapena chimanga. Zotsalira zodwala tenthani kapena kwirirani mozama kutali, ndodo zitsukeni ziume pa dzuwa, ndipo bedilo mupatse anyezi kapena kabichi, tomato wotsatira apite mbali ina ya bwalo.